Mbozi Zobwerabwera pa Zitsamba Zokometsera Chakudya: Kuzizindikira ndi Kuthana Nazo

Aliyense amene amalima zitsamba zokometsera chakudya, monga basil, minti, parsley, dill, coriander, sage ndi rosemary, amadziwa mmene mtima umapwetekera akadzuka m'mawa n'kupeza masamba amene dzulo anali athunthu ali zibowozibowo. Chokhumudwitsa kwambiri n'chakuti vutoli silitha ulendo umodzi. Munthu amatola mbozi zonse zimene waziona, mbewu zimaphukanso bwinobwino, koma pakangotha milungu itatu kapena inayi zibowo zija zimayambiranso, ngati kuti palibe chimene anachita. Ambiri amadabwa chifukwa anamva kuti fungo la zitsambazi limathamangitsa tizilombo. N'zoona kuti tizilombo tina timalipewa, koma pali agulugufe ena amene analizolowera kwambiri, moti fungo lomwelo ndi limene limawalondolera ku mbewu yoti aikirepo mazira.

Vuto la mbozi pa zitsamba limasiyana ndi la pa mbewu zina pa mfundo imodzi yaikulu. Chimene mbozi ikudya ndi chomwecho chimene ifenso tikufuna kudya, ndipo masambawo timathyola pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri n'kuwadya osaphika. Mankhwala amphamvu, amene amafuna kuti munthu adikire masiku ambiri asanakolole, sagwirizana ndi ulimi wotere. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuti pa zitsamba ntchito yaikulu iyenera kugwiridwa ndi maso ndi manja a mlimi, ndipo mankhwala azibwera pambuyo, munthu ataganizira bwino.

Chifukwa chake zimabwereranso

Mbozi ndi mwana wa gulugufe, kaya wamasana wamapiko okongola uja, kapena wausiku, wotuwa, amene amazungulira nyale. Mbozi zambiri zowononga zitsamba zimachokera kwa agulugufe ausiku, ndipo n'chifukwa chake mlimi samuona mwini mazira. Gulugufe wamkazi amaikira kunsi kwa masamba kapena pa nsonga zanthete, ndipo kukamatentha mazirawo amaswa pakatha masiku 3 mpaka 7. Kambozi kongoswa kumene kamakhala ngati kachidutswa ka ulusi, ndipo kamangopala kunsi kwa tsamba osaliboola. Pa milungu iwiri mpaka inayi yotsatira kamafundula kanayi kapena kasanu kakukulirakulira, ndipo chakudya chochuluka cha moyo wake wonse kamadya m'masiku omalizira. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mlimi akamaona zibowo zikuluzikulu n'kumanena kuti mbozi zafika usiku wathawu, zoona zake n'zakuti zakhala zili pomwepo kwa milungu iwiri, ndipo zina zatsala pang'ono kusiya kudya.

Mbozi ikakhwima imasanduka chikwa. Zina zimalowa m'nthaka pansi pa mbewu yomweyo, zina zimadzikulunga ndi ulusi kunsi kwa tsamba, ndipo zina zimadzimangirira ku phesi kapena ku mpanda. Pakatha mlungu umodzi kapena iwiri gulugufe watsopano amatuluka, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira mazanamazana pa mbewu zomwe zija, zimene panthawiyo zimakhala zitangophuka masamba anthete. M'nyengo yotentha ulendo wonsewu, kuchokera pa dzira kufika pa dzira lina, umatenga pafupifupi mwezi umodzi. Kukazizira umachedwa, ndipo kumadera a chisanu choopsa zikwa zimagona nyengo yonseyo n'kudzatulutsa agulugufe kukafunda. Choncho munthu amene amatola mbozi zikuluzikulu zokha, n'kusiya mazira, timbozi ting'onoting'ono ndi zikwa, amakhala akulimbana ndi gawo limodzi lokha la mdaniyo, gawo limenenso lawononga kale.

Masamba abooka, koma mbozi sizikuoneka

Musanachite chilichonse, tsimikizirani kuti chikudya masamba anu ndi mbozidi. Chizindikiro chodalirika koposa ndi tindowe take, timibulu takuda kapena tobiriwira modera timene timagwera pa masamba a m'munsi ndi pansi. Mukatipeza, yang'anani pamwamba pake penipeni, ndipo mutembenuze masamba limodzilimodzi, chifukwa mwini wake sakhala patali. Kukula kwa timibuluto kumakuuzaninso msinkhu wa mbozi imene mukuifuna: tokhala ngati fumbi ndi ta timbozi tongoswa kumene, pamene toonekera patali ndi ta mbozi yaikulu. Ngati mukukayikabe, yalani pepala loyera kapena nsalu pansi pa mbewuyo madzulo, ndipo m'mawa mudzaona pamene tindowe tagwera. Kugwedeza mbewu pamwamba pa pepalalo kumagwetsanso mbozi zina zimene maso anaziphonya.

Pakakhala kuti palibe tindowe, ganizirani adani ena. Nkhono zimasiya mzere wa mamina owuma, wonyezimira, pa masamba ndi pa nthaka. Ziwala zimakonda kuyambira m'mphepete mwa tsamba n'kusiya pong'ambika mosalongosoka. Tizibowo tozungulira tambirimbiri, ngati tobayidwa ndi singano, timabwera ndi tizikumbu todumpha ngati utitiri, ndipo mizere yoyera yokhotakhota m'kati mwa tsamba ndi njira ya timphutsi ta ntchentche zing'onozing'ono. Zonsezi sizifa ndi mankhwala ophera mbozi zokha, choncho kupopera musanadziwe ndi kutaya nthawi ndi mankhwala.

Mbozi zambiri zimadya usiku n'kubisala masana. Ngati tindowe tilipo koma mbozi simukuzipeza, tengani tochi mupite kumunda patatha ola limodzi kapena awiri chichitireni mdima. Ulendo umodzi wotere umaulula zambiri kuposa kufufuza masana mlungu wathunthu.

Kuzindikira mtundu wake

Sikofunika kuloweza mayina a akatswiri kuti muthane ndi mbozi, koma n'kofunika kudziwa kumene mtundu uliwonse umabisala ndi mmene umadyera, chifukwa njira yothandiza pa wina siithandiza pa unzake.

Mbozi imene imapezeka kawirikawiri pa basil, minti, parsley ndi sage ndi yobiriwira, yosalala, yokhala ndi timizere toyera m'mbali, ndipo ikamayenda imakweza msana m'mwamba n'kuuwongolanso, ngati dzanja la munthu amene akuyeza nsalu ndi zala. Imayenda choncho chifukwa pakati pa thupi lake palibe miyendo. Mitundu yodziwika bwino ndi Trichoplusia ni ndi ya gulu la Chrysodeixis, ndipo ikakula imafika masentimita 3 kapena 4. Kubiriwira kwake kumafanana kwambiri ndi tsamba, moti mukhoza kuiyang'anitsitsa osaiona, makamaka ikagona motsatira mtsempha wapakati kunsi kwa tsamba. Mazira ake ndi oyera, ozungulira, ang'onoang'ono ngati mutu wa phini, ndipo amaikidwa limodzilimodzi. Chikwa chake chimakhala m'kaukonde koyera kopyapyala kunsi kwa tsamba, ndipo mukachiona musachisiye.

Mukapeza tsamba limodzi kapena awiri atapalidwa mpaka kutsala kakhungu koonekera kuseri, ndipo kunsi kwake kuli timbozi tambirimbiri pamodzi, ndiye kuti mwakumana ndi gulu la Spodoptera, limene ntchemberezandonda zilinso momwemo. Gulugufe wake amaikira mazira mulu umodzi n'kuwaphimba ndi ubweya wa m'thupi mwake, moti amaoneka ngati kathonje kofiirira komatirira pa tsamba. Amene wapeza mulu umenewu, kapena timbozi tisanabalalike, ali ndi mwayi waukulu, chifukwa kuthyola tsamba limodzi kumachotsa mbozi zochuluka nthawi imodzi. Pakatha masiku ochepa timbozito timamwazikana m'mbewu zonse, timada, ndipo tikakula timayamba kubisala patsinde masana. Pafupi ndi gulu limeneli pali Helicoverpa armigera, mbozi ya maonekedwe osinthasintha, nthawi zina yobiriwira, nthawi zina yofiirira, imene imakonda maluwa asanamasule ndi njere zanthete. Pa basil, kudula ngala za maluwa zikangoyamba kutuluka kumaichotsera chakudya chimene imachikonda, ndiponso kumathandiza mbewuyo kupitiriza kutulutsa masamba.

Vuto lina limaoneka pa mbande zongowokedwa kumene. M'mawa mumapeza mbande itagona pansi, itadulidwa patsinde ngati ndi lumo, masamba ake asanadyedwe n'komwe. Zimenezi zimachitika ndi mbozi zodula mbande, za gulu la Agrotis, zotuwa kapena zakuda, zonenepa, zimene zimadzipinda ngati nkhata mukazikhudza. Masana zimagona m'nthaka, ndipo mukafukula ndi chala kapena kamtengo mozungulira mbande yodulidwayo, nthawi zambiri mumaipeza pafupi pomwepo. Kupopera masamba sikuthandiza kwenikweni pa mbozi imeneyi. Chothandiza ndi kuveka mbande iliyonse mkombero wa chikatoni kapena wa botolo lapulasitiki lodulidwa kumwamba ndi kunsi, wolowa m'nthaka masentimita 2 kapena 3 ndi kutsala pamwamba masentimita 5 mpaka 8, kufikira tsinde litakhwima. Nkhululu nazo zimadula mbande, koma izo zimasiya una wokhala ndi kamulu ka dothi pakhomo.

Pa minti, thyme, oregano ndi rosemary mungaone nsonga zitamangidwa pamodzi ndi ulusi wonga wa kangaude, masamba ake atakulungika kapena atawuma. M'kati mwake mumakhala timbozi ting'onoting'ono totakataka, kawirikawiri ta gulu la Pyrausta. Ku Europe ndi ku Asia wodziwika kwambiri ndi Pyrausta aurata, kagulugufe kofiirira ka madontho agolide kamene kamauluka ngakhale masana, ndipo ku America kuli abale ake amene amavutitsa rosemary. Popeza timbozito timadya tili m'nyumba imene tadzimangira, mankhwala satifika bwino. Njira yachangu ndi kudula nsonga zonse zomangidwazo n'kuzitaya kutali ndi munda, kapena kufinya tsamba lokulungikalo ndi zala.

Rocket ndi watercress ndi abale a kabichi, choncho adani a kabichi amazipezanso. Woopsa kwambiri ndi Plutella xylostella, kambozi kobiriwira kosongoka mbali zonse ziwiri, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene mukakakhudza kamaphiriphitha chafutambuyo n'kudzigwetsa kakulendewera pa ulusi. Kukatentha kamamaliza moyo wake wonse m'milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo n'chifukwa chake kamachulukana mofulumira kuposa mbozi zina.

Pali mbozi imodzi imene ndikupemphani kuti muyambe mwaganiza musanaiphe. Pa parsley, dill ndi fennel pamapezeka mbozi yaikulu, yobiriwira, ya mizere yakuda yopingasa yokhala ndi madontho achikasu kapena ofiira. Ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndipo mukaiputa imatulutsa kuseri kwa mutu kanyanga ka mphanda konunkha, kamene sikaluma koma kamangoopseza adani. Ameneyu ndi mwana wa agulugufe akuluakulu okongola a gulu la Papilio: ku North America ndi Papilio polyxenes, ndipo ku Europe ndi ku Asia ndi Papilio machaon. Mbozi zimenezi zimadya kwambiri, ndipo zitatu kapena zinayi zikhoza kumaliza parsley wa mumphika umodzi, koma mazira ake amaikidwa limodzilimodzi, ndipo sizichuluka ngati zinzake zija. Kwa ine, kudzala mapando angapo a dill kapena fennel pambali, n'kumasamutsirako mbozi zotere, ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi kukongola kwa agulugufe amene amatulukamo. Muzisamutsire ku mbewu ya banja lomwelo, chifukwa pa basil kapena minti sizingadye.

Dziwaninso kuti si chilichonse chooneka ngati mbozi chimene chili mwana wa gulugufe. Pali tizilombo ta mtundu wa mavu totchedwa sawfly, timene ana ake amafanana kwambiri ndi mbozi ndipo amadya masamba mofananamo. Kusiyana kwake kuli pa miyendo. Zonse ziwiri zili ndi miyendo 6 yosongoka pafupi ndi mutu, koma timiyendo tonenepa ta kumimba pa mbozi yeniyeni sitipitirira 10, pamene pa mwana wa sawfly timakhala 12 kapena kuposerapo. Kuwerengaku kumaoneka ngati kwachabe, koma kumakhudza kusankha mankhwala. Ndipo mbozi iliyonse yaubweya musaigwire ndi manja, chifukwa ubweya wa zina umayabwa kapena kutupitsa khungu; valani magolovesi kapena igwetseni ndi kamtengo.

Mwatola, koma zabweranso

Kutola ndi manja ndi njira yamphamvu kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, makamaka pa munda wa zitsamba umene nthawi zambiri umakhala waung'ono. Chimene chimalepheretsa ndi kutola kamodzi n'kupumula. Popeza mazira amaswa m'masiku ochepa, yenderani mbewu zanu masiku awiri kapena atatu alionse, m'mamawa kapena kukada, ndipo mupitirize kwa mwezi wathunthu ngakhale zibowo zatsopano zitasiya kuoneka. Pa ulendo uliwonse tembenuzani masamba, fufuzani nsonga, phwanyani mazira ndi chala, ndipo mbozi muziponye m'chidebe cha madzi a sopo. Kuziponya pansi pafupi ndi bedi sikuthandiza, chifukwa zimakweranso. Ndi bwinonso kuthyola masamba onse obooka, kuti chibowo chilichonse chimene mudzachione pa ulendo wotsatira chidzakhale umboni wakuti mbozi ilipobe.

Musaiwale nthaka. Mukamaliza kutola, takasani dothi la pamwamba mozungulira mbewu mozama masentimita 3 mpaka 5, mosamala kuti musadule mizu, ndipo muchotse zikwa zofiirira, zosalala, zimene mungazipeze. Pa zitsamba za m'miphika, kuchotsa dothi la pamwamba n'kuikapo lina ndi ntchito ya mphindi zochepa. Palirani udzu wa m'mbali mwa bedi, chifukwa mbozi zodula mbande ndi za gulu la Spodoptera zimakulira m'menemo zisanalowe m'zitsamba.

Pali njira zitatu zimene vuto limalowera mwakachetechete. Yoyamba ndi mbande zochokera kwina, zimene zimabwera ndi mazira kunsi kwa masamba. Zisungeni pazokha kwa mlungu umodzi mukuziyang'anira musanaziphatikize ndi zinzake. Yachiwiri ndi nyale yoyaka usiku wonse pafupi ndi zitsamba, imene imaitana agulugufe ausiku. Yachitatu ndi feteleza wa nayitrojeni wochuluka, amene amatulutsa masamba ofewa, amadzimadzi, okondedwa ndi tizilombo, ndiponso amachepetsa fungo limene tikulimira zitsambazo.

Ngati vuto limabwera chaka ndi chaka, njira yokhalitsa ndi kuphimba bedi ndi neti kuti gulugufe asafike pa tsamba. Neti ya mabowo a mamilimita 5 mpaka 7 imaletsa agulugufe akuluakulu, koma tiagulugufe ting'onoting'ono monga Plutella timafuna ya mabowo pafupifupi milimita imodzi. Zitsamba zolimidwira masamba sizidalira njuchi, choncho kuziphimba sikuchepetsa zokolola. Neti imalephera pa zifukwa zodziwika. Ikagona pa masamba, gulugufe amaikira mazira kudzera m'mabowo, choncho iyenera kukhala pa timitengo kapena mawaya opindidwa. Ikasiya mpata pansi, agulugufe amalowera pomwepo, choncho m'mphepete mwake mukwiriridwe ndi dothi kapena mutsindiridwe ndi miyala. Choipitsitsa ndi kuphimba mbewu zimene zili kale ndi mazira kapena zikwa, chifukwa mumatsekera mdani m'kati n'kutsekera kunja mbalame ndi mavu amene akanamudya. Yeretsani kaye, phimbani, ndipo muzivundukula mlungu uliwonse n'kuyang'ana.

Mwapopera, koma sizinafe

Mbozi zikachuluka kuposa zimene manja angathe, mankhwala oyenera kwambiri pa masamba odyedwa ndi a Bt, dzina lofupikitsa la bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis. Bakiteriyayu anapezeka koyamba ku Japan mu 1901, pamene Shigetane Ishiwata ankafufuza chimene chinkapha mbozi zopanga silika, ndipo dzina lake linachokera ku Thuringia, dera la ku Germany kumene Ernst Berliner anamupezanso mu 1911. Alimi anayamba kugula mankhwala ake ku France mu 1938. Mphamvu yake ili m'timibulu ta mapuloteni timene timasungunuka m'matumbo a mbozi n'kuwaboola. Timibuluto sitigwira ntchito m'mimba ya asidi monga ya munthu, ndipo matumbo a anthu, ziweto ndi mbalame alibe pomwe poizoniyo angagwire. Njuchi nazonso sizikhudzidwa ndi mtundu wa Bt wophera mbozi wotchedwa kurstaki.

Kumvetsa mmene mankhwalawa amagwirira ntchito kumayankha pafupifupi madandaulo onse. Mbozi iyenera kudya tsamba lopoperedwa, kungoinyowetsa sikuipha. Ikadya imasiya kudya m'maola ochepa, koma imafa pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho amene wapopera madzulo n'kupeza mbozi zili moyo m'mawa asafulumire kunena kuti mankhwala alephera. Ayang'ane ngati pali zibowo ndi tindowe tatsopano. Mankhwalawa amagwira bwino pa timbozi ting'onoting'ono, pamene zikuluzikulu zimafuna kudya ochuluka, ndipo zina zimakhala zitasiya kale kudya. Zimenezo ndi zofunika kutola. Dzuwa limawononga Bt m'masiku ochepa ndipo mvula imamutsuka, choncho poperani madzulo, munyowetse kunsi kwa masamba kumene timbozi timadyera, ndipo mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7 kapena mvula yamphamvu ikagwa. Masamba amene aphuka mutapopera kale amakhala opanda chitetezo, ndipo pa basil ndi minti, amene amakula mofulumira, mfundo imeneyi ndi yaikulu.

Nthawi zina cholakwika chimakhala m'botolo momwemo. Mankhwala amene akhalitsa, kapena asungidwa potentha ndi padzuwa, amatha mphamvu, ndipo osungunula kale ayenera kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo. Werenganinso dzina lonse lolembedwa pa botolo: ophera mbozi ndi a mitundu ya kurstaki ndi aizawai, pamene a israelensis ndi ophera mphutsi za udzudzu, ndipo mbozi saziwononga. Ngati zonsezi zili bwino koma tizilomboto tikudyabe, werengani miyendo ija, chifukwa ana a sawfly safa ndi Bt wophera mbozi. Pomaliza, mbozi zikhoza kuzolowera mankhwala amene amathiridwa mobwerezabwereza. Plutella xylostella ndi kachilombo koyamba kamene kanapezeka katayamba kupirira Bt m'minda, ku Hawaii cha m'ma 1990. Pachifukwa chimenechi musamapopere mwachizolowezi, koma pokhapokha mwaona timbozi. Kumbukiraninso kuti Bt sasankha pakati pa mbozi yowononga ndi ya Papilio, choncho dill amene mwawasiyira agulugufe aja musamupopere.

Mankhwala ena alipo, koma aliwonse ali ndi vuto lake. A spinosad, amenenso amachokera kwa bakiteriya wa m'nthaka, amapha mbozi zokulirapo ndi ana a sawfly omwe, koma akadali onyowa amapha njuchi, choncho athiridwe kukada, ndipo asathiridwe pa zitsamba zimene zili ndi maluwa. A nimu amalepheretsa mbozi kudya ndi kufundula, koma amagwira pang'onopang'ono ndipo amasiya kuwawa ndi fungo pa masamba. A pyrethrin amapha msanga, koma amaphera limodzi tizilombo tothandiza. Madzi a sopo amathandiza pa nsabwe za m'masamba, koma pa mbozi zikuluzikulu sachita zambiri, ndipo sopo akachuluka amawaula masamba anthete a basil. Pa mankhwala alionse, onani ngati ndi ololedwa pa masamba odyedwa, ndipo mutsatire masiku odikira musanakolole amene alembedwa pa botolo. Mankhwala opangidwira maluwa okongoletsa, makamaka olowerera m'kati mwa mbewu, asafike pa zitsamba, chifukwa kutsuka sikuwachotsa.

Chifukwa china chopewera mankhwala opha chilichonse n'chakuti m'munda muli athandizi ambiri amene sitiwaona. Mbalame, mavu, akangaude, achule, abuluzi ndi ziswamphika zimadya mbozi tsiku lililonse. Palinso timavu ting'onoting'ono, monga ta gulu la Trichogramma timene timaikira m'mazira a gulugufe, ndi ta gulu la Cotesia timene ana ake amakulira m'thupi la mbozi. Mukaona mbozi yofooka itazunguliridwa ndi tizikwa toyera kapena tachikasu tonga njere za mpunga, isiyeni pomwepo, chifukwa yatha kale ndipo m'tizikwamo mutuluka timavu tina. Timavuti timadya timadzi ta m'maluwa ang'onoang'ono, ndipo maluwa a dill, fennel ndi coriander ndi ena mwa amene timawakonda kwambiri, choncho kusiya mapando ochepa kuti achite maluwa kumathandiza bedi lonse.

Mbewu yatsala mapesi okhaokha

Zitsamba zambiri zimachira ngati mizu ndi tsinde zili bwino, choncho musafulumire kuzizula. Minti ndi oregano mukhoza kuzidula mpaka kutsala masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pansi, ndipo kudulako kumachotsera limodzi mazira ndi timbozi totsala. Basil adulidwe pamwamba pa mfundo imene ili ndi timphukira m'mbali, chifukwa nthambi zatsopano zimachokera pamenepo. Parsley amaphukira pakati, choncho chotsani mapesi odyedwa a m'mbali osakhudza mtima wake. Rosemary, sage ndi thyme ndi zofunika kusamala nazo: mukadula mpaka pa mtengo wokhwima wopanda masamba, nthawi zambiri siziphukanso, choncho dulani pobiriwira pokha. Coriander ndi dill zikadyedwa kwambiri zimakonda kuthamangira maluwa, ndipo kufesa zina kumapindulitsa kuposa kudikira.

Masamba obooka ndi abwino kudya, malinga ngati sanathiridwe mankhwala osayenera. Aviikeni m'madzi ozizira othira mchere pang'ono kwa mphindi zingapo kuti timbozi tobisala tiyandame, kenako muwatsukuluze ndi madzi oyera kuti tindowe tichoke.

Mbewu yodulidwa ithiriridwe mokwanira, koma musaithire feteleza wambiri poganiza kuti ichira msanga. Mphukira zatsopano zimatuluka pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo nthawi imeneyi ndi yomweyo imene agulugufe ochokera m'zikwa zimene munaziphonya amakhala akutuluka. Choncho tsiku limene mwadula ndi lomwelo loyenera kutakasa nthaka ndi kuika neti, ndipo masamba oyamba akangotambasuka, yambani kuwatembenuza n'kuyang'ana mazira.